Kodi nkhope ili pachikuto cha buku lanu ndi ya Shakespeare zoona?

Ngati mumatenga English Literature, mwina m'chikwama mwanu muli sewero la William Shakespeare, kaya Macbeth kapena Romeo and Juliet. Tayang'anani pachikuto kapena m'masamba oyambirira. Nthawi zambiri mupezapo bambo wa dazi, wa chipumi chachikulu, tsitsi lotsikira m'makutu ndi maso oyang'ana cham'mbali. Tonse timangoti, "Eya, ndi Shakespeare ameneyu." Koma tadziwa bwanji?

Shakespeare anabadwa mu 1564 ndipo anamwalira mu 1616. Kamera kunalibe. Njira yoyamba yotola zithunzi imene inafala, ya Louis Daguerre wa ku France, inalengezedwa mu 1839, patapita zaka zoposa 200 munthuyu ali m'manda. Ndiye chithunzi chilichonse cha Shakespeare chinatuluka m'manja mwa munthu, ndipo dzanja la munthu limatha kulakwitsa, kukometsera ngakhalenso kunama. Zithunzi zimene anthu akhala akunena kuti ndi zake zilipo zambirimbiri. Zina zagulitsidwa ndalama zochuluka. Apa m'pamene sayansi ikulowera, ndipo ndikufuna muone zimene imatha kuchita komanso pamene imathera.

Chithunzi chimene tonse timachidziwa

Nkhope ya dazi ija inachokera m'buku lina lalikulu limene linatuluka ku London mu 1623, lodziwika kuti First Folio. Anzake awiri amene ankachita naye zisudzo, John Heminges ndi Henry Condell, anasonkhanitsa masewero ake 36 n'kuwasindikiza pamodzi. Theka la masewerowa anali asanasindikizidwepo, ndipo Macbeth ndi limodzi mwa amenewo. Kupanda anthu awiriwa, mwina bwenzi lero kulibe Macbeth woti mulembere mayeso. Kaya muwathokoza kapena muwadandaula, zili kwa inu.

Patsamba la mutu wa bukuli pali chithunzi chimene anapanga Martin Droeshout. Sanagwiritse ntchito burashi ayi. Anatenga chitsulo chosalala cha kopa n'kumazokota timizere ndi kachitsulo kakuthwa. Akamaliza, osindikiza ankapaka inki pachitsulo chonsecho kenako n'kupukuta pamwamba, inki n'kutsalira m'timaenje mokhamokha. Pepala lonyowa pang'ono likapanikizidwa mwamphamvu pachitsulocho, linkayamwa inki ya m'timaenjemo. Pamene timizere tathithikana pamaoneka pakuda, pamene tatalikirana pamaoneka powala. Mthunzi wonse umene mukuona pankhopeyo ndi timizere basi. Mukakhala ndi galasi lokuzira zinthu, yang'anani nkhope ya pa ndalama ya pepala, muona luso lofanana ndi limeneli.

Kumbukiraninso chidindo cha ku ofesi ya ahedi: zilembo zake zimakhala chotembenuka kuti papepala zioneke bwino. N'chimodzimodzi ndi chitsulo cha kopa. Wozokota amayenera kuganiza chotembenuza, zakumanja kumanzere, zakumanzere kumanja. Si ntchito yamasewera, ndipo kunena zoona Droeshout sanaigwire bwino kwenikweni. Mutu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndipo ukuoneka ngati angousanjika pakolala, khosi palibe. Mapewa a chovala sakugwirizana. Zikuoneka kuti nawonso anaona vutoli kusindikiza kuli mkati, chifukwa makope ochepa oyambirira alibe mthunzi pakolala, pamene makope ena onse ali nawo. Chitsulocho chinachotsedwa pamakina, n'kuwonjezeredwa timizere, n'kubwezeretsedwa. Izi tikuzidziwa chifukwa makope oposa 200 a bukuli alipobe, ndipo akatswiri anawayerekeza limodzi ndi linzake.

Vuto lina ndi la zaka. Martin Droeshout amene ambiri amati ndiye anazokota chithunzichi anabadwa mu 1601, kutanthauza kuti Shakespeare amamwalira iye ali ndi zaka pafupifupi 15, msinkhu wa ambiri a inu. Ena amati wozokotayo anali m'bale wa bambo ake, wa dzina lomwelo. Kaya anali uti, ntchitoyi inagwiridwa Shakespeare atamwalira kale, choncho ayenera kuti ankaonera pachithunzi china.

Nanga bwanji akatswiri amachikhulupirirabe? Chifukwa cha mboni. Heminges ndi Condell anagwira ntchito ndi Shakespeare zaka zambiri, ndipo analola kuti chithunzichi chikhale kutsogolo kwa buku lomukumbukira. Ben Jonson, mlembi mnzake amene ankamudziwa bwino, analemba kandakatulo pafupi ndi chithunzicho kovomereza kuti nkhopeyo ndi yake. Umboni wa mtundu womwewu ulinso pa chiboliboli chimene chili m'tchalitchi cha Holy Trinity ku Stratford-upon-Avon, kwawo kwa Shakespeare. First Folio imachitchula, ndiye chinalipo kale pofika 1623, mkazi wake ndi ana ake aakazi adakali moyo. Akanakhala munthu wina, bwenzi atadandaula. Chibolibolicho chikuonetsa bambo wonenepa masaya, nayenso wa dazi. Koma mtundu wa khungu ndi maso musaudalire, chifukwa mu 1793 anachipaka penti yoyera chonse, n'kudzachipakanso mitundu mu 1861.

Penti yachikasu imene inaulula bodza

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya chithunzi chotchedwa Flower portrait. Dzinali silikunena za maluwa. Linachokera ku banja la a Flower limene linachipereka ku nyumba ya zisudzo ya ku Stratford mu 1895. N'chojambulidwa ndi penti pathabwa, chikufanana kwambiri ndi cha Droeshout, ndipo pakona pake palembedwa dzina la Shakespeare ndi chaka cha 1609. Mwaona kukoma kwake? Mu 1609 Shakespeare anali moyo. Anthu ambiri anakhulupirira kuti ichi ndicho chithunzi chimene Droeshout ankaonera, ndipo chinasindikizidwa pazikuto za mabuku ambiri.

Chikayikiro chinakula mu 1966 pamene anachiunika ndi X-ray. Mwina mukudabwa kuti X-ray, imene kuchipatala amaonera mafupa, ingaone chiyani papenti. Mfundo yake ndi imodzi. Kuwala kwa X-ray kumadutsa mosavuta m'zinthu za maatomu opepuka, monga mnofu, thabwa ndi mafuta, koma kumatsekerezedwa ndi maatomu olemera. Ojambula akale ankagwiritsa ntchito kwambiri penti yoyera yopangidwa ndi mtovu, umene pa Periodic Table ndi Pb, nambala 82. Penti imeneyi ankaisakaniza ndi mitundu ina pojambula nkhope, manja ndi malo onse owala. Ndiye X-ray ikadutsa, paliponse pamene pali mtovu pamaoneka poyera, ngakhale pakhale pokwiririka ndi penti ina pamwamba.

Pansi pa Shakespeare anapezapo chithunzi china: Mariya, mwana Yesu ndi Yohane M'batizi, chojambulidwa mwa kalembedwe ka ku Italy m'zaka za m'ma 1500. Izi pazokha sizinathetse mlandu. Matabwa abwino anali odula, ndipo kujambula pamwamba pa chithunzi chakale kunkachitika ndithu. Wina akanatha kunena kuti wojambula wa mu 1609 anangotenga thabwa lakale.

Mlandu unatha mu 2005, pamene a National Portrait Gallery ku London anafufuza zithunzi zingapo za Shakespeare motsogozedwa ndi Tarnya Cooper. Pofufuza penti, katswiri amatapa kachidutswa kochepa kuposa mutu wa singano, amakaika m'pulasitiki wolimba, n'kukapala mpaka m'mbali mwake muoneke. Pa maikulosikopu kachidutswako kamaoneka ngati keke yosanjikiza: thabwa kapena nsalu pansi, kenako zoyalira, kenako penti, vanishi pamwamba. Ndipo pali zipangizo zimene zimatha kunena maelementi amene ali mu gawo lililonse, popeza atomu ya elementi iliyonse ikawombedwa ndi mphamvu imatulutsa kuwala kwakekwake, ngati chidindo cha chala.

Pa timizere tagolide ta chovala cha Shakespeare anapezapo penti yotchedwa chrome yellow. Dzina lake la ku labotale ndi lead chromate, PbCrO4. Mukasakaniza madzi a lead nitrate ndi a potassium chromate, pansi pamadikha ufa wachikasu chowala, ndi umenewo. Musayesere panokha, zonse ziwirizi ndi poizoni. Tsono chromium, elementi imene ili mu ufawu, inatulukiridwa mu 1797 ndi Louis Nicolas Vauquelin wa ku France, ndipo penti yake inayamba kupezeka kwa ojambula cha m'ma 1810. Wojambula wa mu 1609 akanaipeza kuti penti imene inadzabwera patapita zaka 200?

Ndikudziwa kuti wina wochenjera pakati panu wafunsa kale: bwanji ngati munthu wina anangodzakonza chithunzichi pambuyo pake ndi penti yatsopano? Funso labwino, ndipo n'chifukwa chake keke yosanjikiza ija ili yofunika. Penti yokonzera imakhala pamwamba, nthawi zambiri pamwamba pa vanishi wakale ndi fumbi. Koma chrome yellow uyu anali mkati mwenimweni mwa penti ya chithunzicho. Ofufuzawo ananena kuti chinajambulidwa pakati pa 1818 ndi 1840. Zinthu zinatembenuka: si Droeshout amene anaonera pa Flower, koma wojambula Flower ndiye anaonera pa Droeshout, n'kulembapo 1609 kuti chioneke chakale.

Palinso chinyengo cha mtundu wina, chotenga chithunzi chakale chenicheni cha munthu wina n'kuchisandutsa Shakespeare. Ku Folger Shakespeare Library ku Washington kuli chithunzi chotchedwa Ashbourne, cholembedwa kuti munthuyo anali ndi zaka 47 mu 1611. Werengetsani kuchokera 1564, muona kuti zikugwirizana. Atachitsuka mu 1979, zinaoneka kuti chaka chenicheni chinali 1612, ndipo wina anasintha 2 kukhala 1. Tsitsi lakutsogolo linakwiriridwa ndi penti kuti pakhale dazi. Chizindikiro cha banja chimene chinabisidwa pakona chinasonyeza kuti munthuyo anali Hugh Hamersley, wamalonda amene anadzakhala meya wa London. Kumumeta munthu dazi ndi burashi, eti!

Thabwa nalo limayankhula

Zithunzi zambiri za ku England za nthawi imeneyo zinkajambulidwa pamatabwa a mtengo wa oak. Mukadula mtengo mumaona mizere yozungulira. Kumadera kumene nyengo imasinthasintha moonekeratu, mtengo umawonjezera mzere umodzi chaka chilichonse: waukulu m'chaka chabwino, wopyapyala m'chaka chovuta. Ngakhale mlombwa wathu uno umachita zimenezi, chifukwa umakula m'dzinja n'kupuma m'chilimwe. Mitengo ya dera limodzi imakumana ndi nyengo zofanana, ndiye mizere yake imatsatizana mofanana: waukulu, waukulu, wopyapyala, waukulu, opyapyala atatu, choncho. Akatswiri analumikiza mizere ya mitengo yamoyo ndi ya matabwa a nyumba zakale mpaka kupanga kalendala yobwerera m'mbuyo zaka mazanamazana. Akayeza mizere ya m'mphepete mwa thabwa la chithunzi n'kuiyerekeza ndi kalendalayi, amadziwa zaka zimene mtengowo unkakula, nthawi zina ngakhale dera lake. Matabwa ambiri amapezeka kuti anachokera kumaiko a ku nyanja ya Baltic. Sayansi imeneyi imatchedwa dendrochronology.

Koma samalani ndi zimene yankho lake likutanthauza. Mmisiri popala thabwa amataya mbali yofewa ya kufupi ndi khungwa, ndiye mizere ya zaka zomalizira imasowa. Thabwalo limafunikanso kuuma. Choncho mizere imangotiuza kuti chithunzi sichingakhale chakale kuposa chaka chakuti. Siitiuza kuti penti inapakidwa liti, ndipo Flower watiphunzitsa kale kuti wachinyengo amafunafuna dala thabwa lakale.

Ndipo ngakhale zonse zitagwirizana, funso lalikulu limatsalabe. Ku John Rylands Library mu mzinda wa Manchester kuli chithunzi chotchedwa Grafton, cha mnyamata wovala bwino, cholembedwa chaka cha 1588 ndi zaka 24. Shakespeare analidi ndi zaka 24 mu 1588, ndipo kafukufuku anasonyeza kuti chithunzicho n'cha nthawi imeneyodi. Ndiye ndi iyeyo? Tangoganizani: anyamata a zaka 24 ku England m'chaka chimenecho analipo angati? Chimodzimodzi chithunzi cha Cobbe, chimene mu 2009 chinaonetsedwa kwa atolankhani ngati nkhope yeniyeni ya Shakespeare. N'chakale ndithu, koma akatswiri ambiri amati ndi Sir Thomas Overbury. Labotale imatha kunena motsimikiza kuti "ichi ayi". Kunena kuti "ichi inde" kumafuna zinthu zimene maikulosikopu sangaone: makalata, malisiti, mawu a munthu amene anamuona.

Bambo wa ndolo

Chithunzi chimene chili ndi mwayi waukulu woti chinajambulidwa mwini wake atakhala pampando ndi cha Chandos. Chimaonetsa bambo wa ndevu, wa kolala yoyera yosamanga, ndi ndolo yagolide kukhutu. Ndicho chinali choyamba kulandiridwa ndi National Portrait Gallery itakhazikitsidwa mu 1856, moti nambala yake mpaka lero ndi NPG 1. Chili pansalu, ndiye za mizere ya mtengo palibe. Koma penti yake, kavalidwe ndi kajambulidwe zikugwirizana ndi zaka za pakati pa 1600 ndi 1610. Kafukufuku yemwe uja amene anagwetsa Flower sanapeze chogwetsera Chandos, ngakhale zinaoneka kuti ndevu ndi tsitsi zinatalikitsidwa ndi munthu wina pambuyo pake, ndipo penti inaperepeseka chifukwa chotsukidwa mopitirira.

Mbiri ya eni ake ndi imene imachipatsa mphamvu. Akuti chinali cha William Davenant, mlembi wa masewero amene anamudziwa Shakespeare ali mwana. Koma mbiri imeneyi inalembedwa koyamba patapita zaka pafupifupi 100 Shakespeare atamwalira. Ine ndimachiika pa "mwina ndi iyeyo", ndipo sindipitirira pamenepo.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti akatswiri ena a ku England a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 ankachikana pa chifukwa chosakhudza umboni n'komwe. Ankati munthuyo ndi woderako khungu, akuoneka ngati mlendo, ngati wa ku Italy kapena Myuda, ndiye sangakhale mlakatuli wamkulu wa Angerezi. Anali atasankhiratu nkhope imene ankaifuna. Vanishi wakale amada ndi kuchita chikasu pakapita zaka, choncho mtundu umene ankakanganirawo mbali ina unali wa vanishi chabe.

Matenda ofuna nkhope yokoma sanagwire okonda Shakespeare okha. Jane Austen, mlembi wa Pride and Prejudice, anamwalira mu 1817, nayenso kamera isanabwere. Chithunzi chodalirika cha nkhope yake ndi kakang'ono kamene anajambula mkulu wake Cassandra cha m'ma 1810, ka pensulo ndi penti ya madzi. Pamenepo Jane wapinda manja, milomo wafinya, ngati watopa n'kukhala pansi. Mwana wa mchimwene wake atalemba buku la mbiri yake, limene linatuluka ndi chaka cha 1870, banjalo linapempha wojambula wina kuti achikonze. Maso anakula, nkhope inafewa, mkwiyo uja unachoka. Nkhope yokonzedwayi ndi imene ili pa ndalama ya mapaundi 10 imene Bank of England inatulutsa mu 2017. Apa palibe penti yachinyengo yoti labotale igwire, chifukwa zonse zinachitika poyera.

Bwanji osangofukula?

Masiku ano akatswiri amatha kuumba nkhope ya munthu kuchokera pa chigaza chake, poyeza mafupa ndi kugwiritsa ntchito zimene zimadziwika za kuchindikala kwa mnofu pamalo osiyanasiyana a nkhope. Anachita zimenezi ndi mfumu Richard III, amene mafupa ake anapezeka mu 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto ku Leicester. Inde, Richard III yemweyo amene Shakespeare anamulembera sewero. Manda a Shakespeare akudziwika pamene ali, mkati mwa tchalitchi cha Holy Trinity. Koma pamwala wa mandawo pali mawu otemberera aliyense amene angasunthe mafupa ake, ndipo akuluakulu a tchalitchi salola kukumba.

Chimene analola ndi kuunika ndi radar. Kachipangizo kamayendetsedwa pamwamba pa miyala, kakutumiza mafunde a wailesi pansi. Mafundewo akafika pamene dothi lasintha, kapena pamene pali mwala kapena mphako, ena amabwerera, ndipo nthawi imene atenga kuti abwerere imasonyeza kuya kwake. Gulu lotsogozedwa ndi Kevin Colls wa ku Staffordshire University linapeza kuti mandawo ndi osaya, osafika mita imodzi, ndipo panalibe zizindikiro za zitsulo za bokosi, kusonyeza kuti mwina anangokulungidwa m'nsalu. Chakumutu kunaoneka kuti kunasokonezedwapo n'kukonzedwanso. Izi zinakumbutsa anthu nkhani ina imene inatuluka m'magazini mu 1879, yonena kuti akuba anaba chigaza cha Shakespeare mu 1794. Colls anati n'kutheka kuti chigazacho mulibedi. Koma radar imaona kusintha kwa dothi, siiona kuti fupa ili ndi la mutu kapena la mwendo, ndiye ena sanagwirizane naye.

Panali mphekesera inanso yakuti chigaza chobedwacho chinakathera m'chipinda cha pansi pa tchalitchi china m'mudzi wa Beoley, mtunda wa makilomita oposa 20 kuchokera ku Stratford, kumene kulidi chigaza chopanda thupi. Gulu lomwelo linaloledwa kuchiunika ndi laser osachisuntha, ndipo katswiri wa mafupa anayeza mphumi, nsagwada ndi zizindikiro za msinkhu. Chinapezeka kuti n'cha mayi wina wosadziwika, amene anamwalira ali ndi zaka za m'ma 70.